Tsamba la 88

Anabwera nalo pa fulashi yomangidwa kunsonga ya mpango,
mayi Asiyatu Jafali, mzamba wopuma wa ku Namwera:
masamba 160, zaka makumi atatu zolandira ana a eni.
Kutayipa anawaphunzitsa mdzukulu, ndi chala chimodzi,
asanakwere basi ya ku Joni.

"Likonzeni lioneke ngati buku," anatero,
nakhala pa benchi, pansi pa fani yanga yolira ngati chigayo.

Nditatsegula ndinapeza mbuzi zitathyola khola.
Manambala ayenda bwino mpaka 31,
kenako abwerera pa 1
ngati minibasi yotembenukira ku depoti kukasaka munthu mmodzi.
Mutu wa chaputala chachitatu watsala wokha m'munsi mwa tsamba,
thupi lake linawoloka kale mlatho.
Chithunzi cha chipatala chakale, ukangochikhudza,
chimalumpha n'kukatera pakati pa dzina la dokotala.
Tebulo la ana laduka m'chiuno,
mwana wa mu 1994 dzina kuno, makilogalamu uko.

Ntchito iyi siifuna mkwiyo.
Ndinadina kabatani koonetsa zobisika,
tizizindikiro tomwe pulinta siitiona
tinatuluka ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa.
Apa anakankha mawu ndi mipata makumi awiri kuti afike pakati.
Apa anadula gawo osadziwa kuti adula.
Ndinamangirira mutu ku ndime yake,
chithunzi ndinachikhomera chikhomo,
tebulo ndinaliletsa kuswa mizere.

Magetsi anathima azana ya masana ikumveka.
Mwayi, ndinali nditasunga.
Anapita kukaswali, anabwera ndi mandasi awiri m'nyuzipepala,
tinadya tikuyang'ana akabaza akukangana pa mthunzi wa mtengo wa mango.

Atayaka, ndinafika pa 88.
Loyera mbee, lopanda ngakhale kadontho.
Masamba otere ndimawadziwa, ndimapha angapo pa sabata.
Ndinayang'ana mkati mwake: palibe malire, palibe tebulo lobisala,
kungoti chala chinagunda batani lotsitsa mzere
kamodzi, kawiri, mpaka makumi anayi ndi kamodzi.
Ndinawerenga ndekha.

Pamwamba pake, 87 amathera apa:
"Usiku umenewo amene anabwera naye pa machira
anali Mwanaisha, wanga yemwe."
Pansi pake, 89 amayamba:
"Chaka chotsatira boma linatipatsa njinga yamoto."

Dzanja langa linali litazolowera.
Ndinazikuta zonse, ndinafufuta,
ziganizo ziwirizo zinakumana mphuno ndi mphuno.

Benchi inalira kumbuyo kwanga.
"Mwazigundanitsa," anatero, mawu ali pansi.
"Pakati apo panadutsa miyezi isanu ndi inayi
ndisanagwirenso mimba ya munthu."

Ndinabweza. Tsambalo linabwerera, loyera monga kale.
Ndinawauza zoona za ntchito yanga:
mizere yopanda kanthu siikhazikika, mayi,
mukasintha kukula kwa zilembo imasefukira,
mukapita nalo pa kompyuta ina ku Zomba
mudzapeza theka pano, theka kutsogolo.
Ndiloleni ndiichotse, ndiike malire enieni,
amodzi kumbuyo, amodzi kutsogolo,
kuti likhale pomwepo ngakhale buku litakula.

Anaganiza kanthawi, akupotokola nsonga ya mpango.
"Ikani."
Nanga nambala, ioneke kapena ndiibise?
"Ioneke. Liwerengedwe pamodzi ndi anzake."

Pulinta inatafuna pepala kawiri, ndinaitsegula kumimba,
zala zinada ndi tona.
La 88 linatuluka lofunda ngati ena onse,
kanambala kokha m'munsi.

Ine ndimalipiritsa pa tsamba.
Ndinachotsapo limodzi pa kakyuleta.
Iwo anawerenga okha, akunyowetsa chala,
naika pa tebulo ndalama ya onse,
nafunsa kumene angapeze womata chikuto cholimba
basi ya ku Namwera isanadzaze.